Funso la Amayi kwa Ansembe Awiri

Himi, 3 Malichi 1981

Iwe Sadaji,

Moni kuchokera kwa mlongo wako Tokue, poti mwina unaiwala kuti uli ndi mlongo. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Chizuko, ana, ndi nkhuku zako zikwi zinayi zija zimene zimakumana mpata wogwira cholembera. Chilandirireni khadi ya chaka chatsopano sitinamve kanthu. Kodi ku Brazil mapepala anatha?

Kuno chipale chayamba kusungunuka, koma amayi sakudzuka. Adokotala akuti ndi mtima, ndipo akuti tisawerengere zoti afika nyengo yowokera mpunga. Ndakuuza mosazungulira, chifukwa iwe munthu akazungulira sumamva.

Chondilembetsa china ndi ichi. Mwezi wathawu, miyendo isanawakane, amayi anagwidwa ndi nthenda yoyendera ansembe. Anayamba ndi wa kuphiri, wa kachisi wathu wa Zen, kumene kuli manda a abambo. Wansembe unamusiya uja anamwalira, pano pali mwana wake, wonenepa kuposa bambo akewo. Ndinawakweza amayi masitepe onse aja, tikupumira panjira kasanu. Titangokhala, tiyi asanazizire, anamuwombera funso: "Ansembe, ine ndikafa ndikakumana nawo amuna anga?"

Iye anamwetulira kumwetulira kwawo kwa anthu okhuta kuja, n'kuti, "Mayi, kholo ndi mwana ndi moyo umodzi, koma mwamuna ndi mkazi ndi miyoyo iwiri, uno ndi ukubwerawo. Mukagona manda amodzi, pansi pa kachisi mmodzi, ulusi wake suduka. Mudzapezana." Amayi anangoti zii, maso pansi. Njira yonse yobwerera ine n'kumati nkhalambayi mtima wayisungunuka.

Patapita masiku atatu anandikokeranso kudoko, ku kachisi wa a Amida, kumene ankapemphera ali mtsikana asanakwatiwe. Wansembe wa kumeneko ndi wowonda, woyendera njinga yamoto. Funso lomwelo. Iyeyo anati onse odalira Buda Amida amakakumana malo amodzi, ku Dziko Loyera, mpweya ukangotha, popanda ulendo uliwonse. Amayi anati, "Nanga amuna anga aja, oti sanatchulepo dzina la Amida ngakhale potsokomola, aliko?" Wansembe anakanda m'khosi n'kuti sangalonjeze. Anamufunsa katatu, ndipo katatu konse anati sangalonjeze.

Chichokereni tsikulo, m'nyumba muno ndi "Namu Amida, Namu Amida" kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ine ndaona chimene akuchita. Akufuna kuwakoka abambo ndi pakamwa, awalowetse ku Dziko Loyera podzera khomo la kuseri. Tangoganiza, munthu amene anawagonthetsa khutu la kumanzere ndi mbama. Zaka khumi ndi ziwiri chimwalirireni, sanaphonyepo tsiku kuwaikira mpunga wotentha paguwa la m'nyumba ife amoyo tisanadye. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, inde, koma awawa akufuna kuilondola mpheziyo mpaka kumitambo. Zimandinyansa, ndisakunamize.

Ndiye yankha. Ukubwera kapena ayi? Mwana wamwamuna ndiwe, mwini dzina ndiwe, mwini manda ndiwe. Ine ndine wochapa zofunda chabe.

Mlongo wako,
Tokue


Mogi, Brazil, 21 Malichi 1981

Okondedwa Achemwali,

Moni wa ulemu kwa inu ndi kwa amayi. Kalata yanu ndalandira, ndipo minga yake ndazula imodziimodzi. Tonse tili bwino, kupatula chitopa chimene chalowa m'khola lachitatu. Pa chifukwa chimenechi kubwera sindingathe, pakuti nkhuku sizidziwa za matenda a munthu. Muwauze amayi kuti mwana wawo amawakumbukira tsiku ndi tsiku.

Achemwali, inu abambo mumawaweruza mopitirira. Anali munthu wa panyanja, ndipo nyanja siphunzitsa munthu kuyankhula mofewa. Ine ndimakumbukira akunditengera m'boti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndimakumbukiranso akulira padoko la Kobe tsiku limene ndinkakwera sitima. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za banja si masewera. Inu ukwati unakukanikani chaka chimodzi ndi theka, ndiye chikondi cha anthu akale simungachimvetse. Sindikunyoza, ndikungonena.

Za ansembe anu awiriwo, ndinazitengera kwa mphunzitsi wathu. Mukudziwa kuti kuno ine ndi Chizuko tili m'gulu lachipembedzo loimba Malemba a Duwa ndi ng'oma. Mphunzitsi anaseka. Akuti wa kuphiri akuwanamiza amayi, wa kudoko akuwasocheretsa, pakuti kuitana Amida ndi njira yothera paphompho. Mabanja amakakumana pa Phiri la Chiwombankhanga, ndipo okafikako ndi oimba mawu oona okha. Ndaika kapepala ka mawuwo m'kalata muno. Muziwawerengera kukhutu la kumanzere, mbali ya mtima, m'mawa uliwonse. Abambo tikuwaimbira kuno Lamlungu lililonse, mbali yawo musadandaule nayo.

Komabe chachikulu ndi ichi: chilichonse chichitike, amayi adzagone ndi abambo. Chimene akulirira ndi chomwecho, ndipo ngakhale inu mwachiona.

Mundiuze zonse za kumeneko. Ngati wina akubwera mbali ino, mundipatsireko nsomba zouma za kwathu, za kuno zilibe fungo.

Mlongo wanu,
Sadaji


Himi, 13 Epulo 1981

Sadaji,

Moni. Telegalamu uyenera kuti unailandira, ndiye sindibwereza zambiri. Anapita pa 9 Epulo masana, nditangowamwetsa phala la mpunga. Sanavutike. Kapepala kako ka Phiri la Chiwombankhanga ndinkawawerengera, usade nkhawa, kukhutu la kumanzere monga unalamulira. Ndi logontha lija, ndinakuuza m'kalata yomwe unati wazula minga yake.

Tsono imva mpungwepungwe wake. Thupi lisanazizire, nkhalamba zitatu zimene amayi ankapemphera nazo kudoko zinali zitafika kale, wansembe wowonda uja ali m'mbuyo pa njinga yake yamoto. Zinatulutsa pepala m'kabati ya amayi. Kani anakatenga mwakachetechete dzina la kwa Amida, dzina lija munthu amapatsidwa loti akadziwike nalo kutsidya. Ine mutu utazungulira, maliro anayenda mwa kudoko ndisanati n'komwe inde.

Ndinali nditasoka kale chovala choyera cha paulendo, ulusi wosamanga mfundo monga tinachitira ndi abambo, nditagulanso nkhwayira za udzu ndi ndodo. Wansembeyo anazikankhira pambali ndi chala chimodzi. Akuti a Amida sayenda ulendo, amayi afika kale, ochedwa ndife. Masiku anayi ndikusoka maso akuwawa, iye chala chimodzi.

Thupi tinalitentha pa 11. Mafupa tinatola ndi timitengo, awiriawiri monga mwa mwambo. Pa fupa la pakhosi, pamene pankafunika dzanja lako, anagwira mwamuna wa nyumba yoyandikana nafe. Anagwira bwino, sanagwetse.

Dzulo ndinakwera kuphiri kukapempha tsiku lotsegula manda. Wonenepa uja sanandipatse ngakhale tiyi. Akuti manda a m'bwalo mwake salowa munthu wa dzina la kachisi wina. Akutinso amayi tinawanyamutsa opanda nsapato, opanda ndodo, ndipo pakali pano akupunthwa m'njira ija ya masiku 49 imene akufa amayenda. Wina akuti afika, wina akuti akupunthwa, wako wa ng'omayo akuti ali paphompho. Onsewa sanafepo ndi mmodzi yemwe, ndipo awiri a kunowa amagula lubani sitolo imodzi.

Wa kuphiri akuti ngati tikufuna manda, tichite maliro achiwiri pa mafupawo, awapatse dzina lina la kwawo, ndipo pakhale kalata ya mwini manda yokhala ndi chidindo. Mwini mandayo ndiwe. Wa kudoko akuti malo alipo m'nyumba ya mafupa ya kachisi wake, momwe muli makolo a amayi. Anatinso ngati tavutika tigawe, fupa la pakhosi lipite kudoko, otsalawo kuphiri, poti ambiri amatero.

Maganizo anga ukuwadziwa. Zikanakhala za ine, bwenzi nditawaika kutali ndi bambo akowo, kutsidya la nyanja ngati n'kotheka. Koma si ine amene ndinakwera masitepe ndi mtima wodwala kukafunsa za mwamuna. Anamufuna, amupeze.

Mtsuko wa mafupawo uli paguwa pano ukudikira iwe. Ukumbukire kuti kuno sitiika mitsuko m'manda ngati a ku Tokyo. Timakhuthula, mafupa pa mafupa, ndipo madzi akatayika sawoleka. Tsiku la 49, loti tiwaike m'manda, ndi 27 Meyi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, bwana mwini manda. Lemba, ndipo utumize pa ndege.

Tokue


Mogi, Brazil, 29 Epulo 1981

Achemwali,

Moni. Ndalira kwambiri, ndipo Chizuko ndi mboni. Gulu lathu linaimba ng'oma masiku atatu.

Ndakhumudwa kuti munalola nkhalamba zitatu ndi munthu wa njinga yamoto kulamula maliro a m'nyumba ya abambo anga. Pakanakhala mwamuna sizikanachitika. Koma zapita.

Zogawa mafupa ndakana. Amayi si nsomba yoti mutu upite kwina, mchira kwina. Akafike kwa abambo athunthu, ndi fupa la pakhosi lomwe. Za nyumba ya mafupa ya kudoko musandiuzenso. Mkazi akakwatiwa, manda a kwawo wawasiya. Anthu a ku Himi adzati chiyani, kuti ana a Genzo anabweza mayi wawo kwawo atafa ngati mkazi wosudzulidwa?

Kalata ya kwa wansembe ndaika muno, chidindo chili pamenepo. Mukamupepese mwaulemu, ndipo ndikati mwaulemu ndikutanthauza kuti lilime lanu lija mulisiye kunyumba. Dzina limene apereke mulilandire. Ine sindikhulupirira za kuphirizo, koma mwala wa manda ndi wawo, ndipo chofunika ndi chakuti makolo athu akhale pamodzi. Zina zonse tikonza ife kuno ndi nyimbo.

Mundilembere zikatha. Mukajambulitse mandawo, ana awaone.

Mlongo wanu,
Sadaji


Himi, 28 Meyi 1981

Iwe Sadaji,

Moni kwa iwe ndi onse oimba ng'oma. Zatha, ukhoza kugona.

Lilime ndinalisiya kunyumba monga unalamulira. Ndinagwada pamphasa ya wonenepa uja, chipumi pansi, ola lathunthu, iye akundiphunzitsa za ana osalemekeza makolo. Ine amene ndawasambitsa amayi zaka zitatu. Kalata yako anaiwerenga kawiri, n'kuti, "Mwana wamwamuna ndi mwana wamwamuna ndithu, ngakhale ali kutali." Ndinameza. Tiyi ulendo uno anandipatsa.

Maliro achiwiri tinachita pa 20. Mtsuko patsogolo, mabelu, ng'oma, ndi dzina latsopano lalitali loti amayi eniake sakanatha kuliwerenga. Tsopano ali ndi mayina atatu, la kuno ndi awiri a kutsidya. Akakawaitana kumeneko kaya adzavomera liti. Nkhalamba za kudoko sizinabwere, ndipo tikakumana pamsika zimayang'ana nsomba.

Dzulo ndiye linali tsiku. Wosema miyala anasuntha mwala wa kutsogolo, ndipo ndinasuzumira. Abambo ali momwemo, mafupa awo achita dzimbiri ngati tiyi wotsala, asakanikirana ndi a agogo ndi dothi. Munthu ankagwedeza nyumba yonse ndi mawu uja, lero sangadzaze mbale ziwiri. Wansembe anati wokhuthula akhale wa magazi, ndiye ndinagwada ndine. Amayi anali opepuka, Sadaji. Ndinakhuthula pang'onopang'ono pamwamba pa abambo, ndi fupa la pakhosi lomwe, ndipo ndinagogoda kunsi kwa mtsuko kuti musatsale ngakhale fumbi. Nkhwayira za udzu zija wansembe analola kuti ndiponyemo, ndiye kugula kwanga sikunapite pachabe konse.

Ndisabise, ndinalira. Pa maliro oyamba sindinalire, pa achiwiri ndinkangomva mawondo kuwawa, koma apa zinanditulukira zokha. Ndinati, "Ndi awa amuna anu aja, amayi. Mwawapeza. Musavutitsenso ansembe." Ndimaona ngati ndi uchitsiru mpaka lero, koma unali uchitsiru wawo, ndipo kamodzi kokha m'moyo mwanga ndawachitira chinthu osatsutsa.

Chithunzi ndajambulitsa, chibwera chikatsukidwa. Nsomba zouma ugule konko, zopanda fungo zomwezo.

Mlongo wako,
Tokue


Mogi, Brazil, 10 Juni 1981

Achemwali,

Moni. Sindikudziwa poyambira.

Kalata yanu ya pa 28 Meyi inafika Lachisanu. Lolemba positi inabweretsa ina, envulopu yake yothimbirira, adilesi yolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Ndi ya amayi. Anailemba mu Febuluwale n'kuitumiza pa sitima yapamadzi, monga ankachitira zaka zoyamba nditangofika kuno. Yayenda miyezi itatu ndi theka.

Ndakhala nayo masiku awiri. Ndinafuna kuitentha kuti musadziwe, koma Chizuko wati ndikatero achoka. Ndiye ndi iyi, ndaiika momwe inabwerera.

Mundilembere, ngakhale zonditukwana.

Sadaji


Himi, 24 Febuluwale 1981

Mwana wanga Sadaji,

Ndine mayi ako. Uli bwanji ndi ana? Ine ndatsala pang'ono, ndiye werenga bwino, dzanja langa ndi loipa.

Ndikafa usandiike m'manda a bambo ako. Ndabwereza, usandiike m'manda a bambo ako. Undiike kudoko, kwa amayi anga.

Ndinapita kuphiri kukafunsa ngati ndidzakumana nawo. Wansembe anati mwamuna ndi mkazi ndi miyoyo iwiri, anati tikagona manda amodzi tidzapezana. Moyo umodzi ndapereka, zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndi khutu, ndi mano awiri, ndi mwana wina amene akanakhala pakati pa iwe ndi Tokue, amene anachoka ndi chidendene cha bambo ako. Zimenezi sunkazidziwa. Moyo wachiwiriwo sindipereka.

Ndiye ndinapita kudoko. Wa kumeneko ndinamufunsa katatu ngati bambo ako ali ku Dziko Loyera, ndipo katatu anati sangalonjeze. Ndinasangalala koopsa. Ndikupita kumeneko. Dzina ndatenga kale.

Usanamizike ndi mpunga umene ndimawaikira paguwa. Ndimawaikira kuti akhute, akhale komwe aliko. Munthu uja akamva njala amadzuka.

Ndalembera iwe chifukwa wansembe wa kuphiri samva za mkazi, makamaka wobwerako ku ukwati. Amva chidindo chako. Tokue sindinamuuze ndipo sindimuuza. Tsiku limene anathawa kwa mwamuna wake ali ndi diso lotupa, ine ndinamuimika pakhomo n'kumuuza kuti mkazi amapirira, kuti watichititsa manyazi. Ndinamunena zaka ndi zaka, iye akundiphikira. Ndingamuuze bwanji lero kuti wanzeru anali iye? Adzati, "Si ndinkanena ine," ndipo adzakhala akunena zoona. Sindikufuna kufa ndikumva zimenezo. Ukamulembera, ungoti ndi maganizo ako.

Mawa ndimuuza kuti ndikukagula lubani, ndipite ku positi. Nditumiza pa sitima monga kale, ndege sindiidalira, zimagwa.

Uzivala zofunda, usamamwe mowa.

Mayi ako,
Kiyono


Himi, 2 Julayi 1981

Sadaji,

Moni. Zokutukwana ndilibe, usayembekeze. Ndinazikonza zambiri, koma ndikaziyeza zonse zikundikwana ine.

Tsiku la lubanilo ndikulikumbukira. Anabwera opanda lubani, ine n'kuwaseka kuti ukalamba wawadya mutu. Kuchokera pogona pawo kufika pogona panga ndi mapazi asanu ndi limodzi, ndayeza. Ku positi ndi mtunda wa ola kwa munthu wa ndodo. Anasankha ku positi, ndi nyanja ziwiri pamwamba pake, kusiyana ndi kutsegula chitseko cha pepala n'kundiuza. Ndipo sanalakwe, Sadaji. Ndikanati, "Si ndinkanena ine." Ndikudzidziwa. Ndikanati choncho ndisanaike n'komwe mbale pansi.

Ine wochenjera uja, woona zonse, woseka ansembe. Ndinakhala nawo pamphasa imodzi akufunsa funso lawo kawiri konse, ndinawaona akuti zii, ndipo ndinakulembera kuti mtima wawasungunuka. Iwe uli ndi pothawira, unachoka uli mnyamata. Ine ndinaliko khutu lija likugontha.

Ndinakwera kuphiri ndi kalatayo. Wonenepa uja anaiwerenga, n'kundibwezera ndi manja awiri, n'kuti mwala angalole kuti usunthidwe, koma ndikatolamo chiyani? Ndinakafunsa wosema miyala. Iyeyo ndiye sananditaitse nthawi. Akuti mvula ya mwezi wathawu yalowa pansi, zonse zakhala mtundu umodzi, ndipo ndikatola mwina ndidzanyamula abambo n'kukawaika kudoko, amayi n'kutsala kuphiri. Ndinaseka mpaka munthu uja anachita mantha.

Kenako ndinatsikira kudoko. Wowonda uja ndinamupeza akupukuta njinga yake. Ndinamufunsa mwachindunji kuti amayi ali kuti. Anati, "Mayi Tokue, ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe. Anafika mpweya utangotha. Mafupa ndi chovala chovulidwa. Dzina lachiwirilo, maliro achiwiriwo, mandawo, palibe chimene chingawabweze." Ndinati abwereze, anabwereza. Kenako anayamba kuwonjezera kuti Amida amayamba kufunafuna anthu oipa, ndiye mwina tsiku lina ngakhale bambo Genzo nawonso, koma ndinamuuza kuti njinga yake yatsala mbali imodzi yosapukuta.

Mpunga wa abambo paguwa ndikuikabe, wodzaza kuposa kale. Uwauze a ng'oma ako asiye kuwaimbira, asawasunthe pomwe alipo.

Tsono ndikuuze chinthu, ndipo ukaseka usadzalembenso kuno. Ndayamba kupita kudoko Lachitatu lililonse. Ndimakhala kumbuyo kwa nkhalamba zitatu zija, ndipo ndimatchula dzina lija, "Namu Amida," mokweza kuposa iwo. Usaganize kuti ndaona kuwala. Wansembeyo ndimamuonabe ngati munthu wamba wonunkha petulo, amene sanafepo. Koma pa ansembe onse atatu ndi yekhayo amene akuti amayi anathawa. Ngati akunama iyeyo, ndiye kuti ali ndi abambo, moyo wachiwiri wayamba, ndipo anawakhuthulira mmenemo ndine.

Mlongo wako,
Tokue